Damaris Wowomba Nsalu ndi Tsitsi la Mng'ono Wake

Damaris Helliwell anabadwa m'chaka cha 1783 ku Scar Fold, kamudzi ka nyumba zisanu ndi ziwiri zamiyala zomangidwa mophatikizana pa chitunda, kumtunda kwa mtsinje, m'dera la Yorkshire. Nyumba zonsezo zinali za anthu owomba nsalu za ubweya wa nkhosa, ndipo zinamangidwa mofanana: pansi pophikira ndi pogona, pamwamba chipinda chimodzi chachitali cha mawindo ondandana, kuti kuwala kuzigwera pa chowombera nsalu. Ukadutsa m'kanjira ka kuseri masana sunkamva mawu a munthu. Unkangomva khotho-khotho, khotho-khotho, nyumba iyi ikuyankha nyumba iyo.

Bambo ake, a Jabez, ndiwo ankawomba. Amayi ake ankapota ulusi pa gudumu lamatabwa pafupi ndi moto. Damaris ndi mng'ono wake Tamar anaphunzira kupesa ubweya asanadziwe n'komwe kuwerenga. Nyumba yonse inkanunkha mafuta a nkhosa: zovala, zofunda, ngakhale buledi wopyapyala amene amayi ankayanika pa zingwe pamwamba pa moto. Anali ndi ng'ombe imodzi ndi kadimba ka mbatatesi. Loweruka lililonse a Jabez ankasenza mpukutu wa nsalu paphewa n'kuyenda wapansi mpaka ku msika wa ku Halifax, ndipo ankabwerako atasenza ubweya wina.

Atsikana awiriwo sankafanana ngakhale pang'ono. Damaris anali wojintcha, wa tsitsi lakuda, wosayankhulayankhula. Tamar, wocheperapo zaka ziwiri, anali wowonda, wa pakamwa pakuthwa, ndipo akamaseka ankasekera m'mphuno. Tsitsi lake linali lofiira psuu, lalitali moti ankalikhalira. Amayi awo ankaliluka mwa njira yawoyawo, zingwe zinayi osati zitatu, n'kulizunguliza kumutu mpaka litalimba gwa. Amayiwo atamwalira ndi chifuwa, Damaris ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ntchito imeneyo inagwera iye. M'mawa uliwonse Tamar ankakhala pa kampando, Damaris kumbuyo kwake ndi chipeso.

"Mukundizula mutu, achemwali! Mukuyesa ndine nkhosa?"

"Nkhosa imakhala phee. Tembenuka."

Pa nyumba yomalizira ya ku Scar Fold pankakhala Obadiah Lumb, wowomba nsalu ngati anzake, amene ankakhala benchi limodzi ndi a Jabez kutchalitchi. Munthu ameneyu anakwatira mkazi wa kubanja lopata, ndipo patapita nthawi anatsikira kuchigwa, n'kutseka mtsinje ndi damu, n'kumanga fakitale ya nsanjika zinayi. Madzi ankazunguza gudumu lalikulu, gudumulo linkazunguza mitanda yachitsulo yodutsa kudenga kwa chipinda chilichonse, ndipo malamba achikopa ochokera m'mitandamo ankayendetsa makina opota ulusi. Ulusi umene mkazi mmodzi ankapota mwezi wathunthu, makinawo ankautulutsa dzuwa lisanafike pamutu.

Poyamba amuna a ku Scar Fold anasangalala. Kale ankakhala manja lende kudikira ulusi, tsopano unkabwera wochuluka pa bulu, wosalala, wosaduka. Koma magudumu a akazi anakwezedwa kudenga n'kuyamba kuyangidwa ndi akangaude. Damaris anakhala pambali pa bambo ake n'kuphunzira kuwomba. Tamar analibe chochita m'nyumbamo, ndipo chowombera sankachifuna n'komwe. Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anatsikira kufakitale. Ankachoka belu loyamba likalira, n'kubwera madzulo ubweya uli mbuu m'nsidze, akuyankhula mokuwa chifukwa makutu anali atazolowera phokoso.

Phokosolo linkafika mpaka kumtunda. Silinali lalikulu, kunali kung'ung'udza chabe ngati njuchi zili m'phanga, ndipo patapita zaka ziwiri panalibe amene ankalimvanso.

Pa nyumba yachitatu pankakhala Enoch Barraclough, mnyamata wanthabwala, wowomba nsalu nayenso. Damaris anamukonda kwa zaka zitatu osauza munthu. Enoch sanadziwe, kapena anadziwa n'kuyang'ana kumbali. Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1804, anaperekeza Tamar pochokera kutchalitchi, ndipo Tamar analowa m'nyumba masaya ali psuu n'kunena kuti Enoch wamufunsira.

M'mawa mwake Tamar anakhala pa kampando monga mwa masiku onse. Damaris anali atangoyamba kupesa.

"Bwanji kukhala chete ngati kumaliro?" anatero Tamar. "Musadandaule, achemwali. Tidzakusungirani kachipinda, muzidzatilerera ana. Simudzafa ndi njala."

Damaris anaika chipeso patebulo.

"Dziluke wekha."

"Aa, ndimangocheza ine! Belu lachiwiri lilira pompano."

"Ndati dziluke wekha. Kapena kaitane Enoch adzakuluke."

Tamar anamuyang'ana, n'kuseka kaseko kake ka m'mphuno kaja. Anapota tsitsilo ndi dzanja limodzi, n'kulikankhira m'kachipewa kansalu, n'kutuluka akuthamanga. Chitseko anachisiya pululu.

Cha m'ma teni koloko m'mawa, Damaris ali pa chowombera, anamva ngati chinachake chagwa m'makutu mwake. Anaimitsa mapazi. A Jabez, amene ankakulunga ulusi pawindo, anadzutsa mutu. Nyumba yoyandikana nayo inasiya kugogoda, kenako ina, kenako ina, mpaka Scar Fold yense anangoti zii. Kung'ung'udza kwa kuchigwa kunali kutaleka. Silinali Lamulungu, sinali nthawi ya chakudya, madzi m'damu anali odzaza. Anthu anatuluka n'kuima pamakomo. Kunkamveka nkhosa imodzi ikulira kutali, ndi madzi akudontha padenga la khola.

Amuna anayi anabwera ndi Tamar atamunyamula pa chitseko. Mutu wake anali ataukulunga ndi nsalu yotuwa mpaka m'maso. Anati anawerama kuti alumikize ulusi woduka, kachipewa kanagwa, lamba linagwira tsitsi n'kumukwezera kumtanda. Gudumu la madzi siliima msanga. Kumbuyo kwa onyamulawo kunkabwera Lumb, chipewa chili m'manja.

A Jabez sanalire. Anagwira nsalu ya kumutuyo ndi zala ziwiri n'kuisiya.

"Obadiah, tsitsi la mwana wanga lili kuti?"

"Jabez, usafunse zimenezo."

"Ndikufunsa."

"Tinachita kulidula pamtandapo ndi mipeni. Anyamata analitaya mumtsinje."

Asanamalize kuyankhula, kuchigwa kunayambanso kung'ung'udza.

Tamar anaikidwa kumanda a tchalitchi cha kumtunda, pambali pa amayi ake. Za chipeso chija Damaris sanauze munthu. A Jabez tsiku limenelo anali kukhola pamene atsikanawo ankakangana, ndipo sanamve kanthu.

Patapita milungu isanu bulu anabweretsa ulusi monga mwa nthawi zonse. Damaris ankauyala pa chowombera pamene chala chake chinakhudza kanthu koterera. Anayang'anitsitsa. M'kati mwa ulusi woyerawo munali tsitsi limodzi lofiira, lopotedwa pamodzi ndi ubweya. Analikoka pang'onopang'ono, ndipo linkangobwerabe, kutalika kuposa mkono wake wonse. A Jabez analiona lili lende pa chala cha mwana wawo. Anatsika masitepe, n'kupita kukaima m'khola mpaka madzulo. Kuyambira tsikulo sanakhalenso pa chowombera. Ankasamala ng'ombe, kukumba mbatatesi, n'kumakhala pakhomo akuyang'ana kuchigwa. Anamwalira zaka ziwiri zisanathe.

Damaris anadziuza kuti tsitsilo linatsalira m'makina, lidzatha. Analikulunga pa chala n'kuliika m'kachitini ka tiyi, poti kuliponya pamoto sakanatha. M'mtolo wotsatira munali awiri. Wotsatirawo limodzi. Chisanu chinadutsa, nkhosa zinametedwa, ubweya watsopano unalowa m'fakitale, koma tsitsilo silinathe. Silinkachuluka, limodzi kapena awiri pa mtolo, koma silinaphonyepo.

Enoch ndiye ankamusenzera nsalu ku Halifax a Jabez atamwalira, popeza mkazi yekha kumsika ankamudyera masuku pamutu. Nthabwala zake zinali zitachepa. Patapita zaka zitatu chimwalirire Tamar, iye ndi Damaris anakwatirana, popanda phwando, ndipo Enoch anabweretsa chowombera chake n'kuchiimika pafupi ndi cha Damaris. Anthu anati zayenda bwino, nyumba ya a Jabez sinagwe. Awiriwo ankagwira ntchito moyandikana tsiku lonse, ndipo dzina la Tamar silinkatchulidwa.

Tsiku lina Enoch anamupeza akukoka tsitsi mu ulusi.

"Kodi atsikana a mitu yofiira anatha padziko?" anatero, koma mawu ake anatuluka owuma. "Kufakitale kuli anthu oposa zana. Wina akuthothoka basi."

Loweruka lotsatira anaima pa geti la fakitale pamene anthu ankaweruka, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi akuvula zipewa. Wa mutu wofiira panalibe. Atafika kunyumba anadya phala lake. Damaris sanamufunse, naye sananene.

Amene anayesa kuithetsa nkhaniyi anali Mally Sugden wa nyumba yoyandikana nayo, mayi wonenepa, wosakhulupirira za mizukwa. Anamva kwa Enoch, n'kubwera atanyamula mtolo wake wa ulusi.

"Iwe Damaris, tamvera. Ulusi wangawu wabwera pa bulu yemweyo, tsiku lomwelo. Ndaupenda wonse pawindo, ndi maso angawa amene amaona nsabwe pa mutu wa m'busa ali paguwa. Mulibe kanthu. Tisinthane. Iwe tenga wanga, ine nditenge wako wa zamatsengawo."

Anasinthana. Mally anawomba ulusi wa Damaris mlungu wonse osapeza kanthu. Tsiku lachitatu Damaris anamuitana pakhoma. Mally anakwera masitepe akupuma wefuwefu, n'kuona tsitsi lofiira litatuluka theka mu ulusi umene iye mwini anaupenda.

"Waikamo wekha," anatero.

"Kokani muone."

Mally anakoka. Tsitsilo linali lopotedwa m'kati mwenimweni mwa ulusi, mmene dzanja la munthu silingaikire. Analisiya, n'kupukuta zala pa epuloni yake kawiri katatu.

"Ine ndasiya mphika pamoto," anatero, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka imfa yake.

Moyo unapitirira. Damaris anabereka ana anayi, awiri anamwalira ali makanda, wamwamuna anapita kunkhondo osabwerera, ndipo anatsala ndi Selina, wobadwa mu 1812, wa tsitsi lakuda ngati amake ndi pakamwa pothamanga. Nsalu za Damaris zinkadziwika ku Halifax kuti n'zothina bwino, zopanda mfundo. Ankaphika, kukama ng'ombe, kuchapa, n'kukwera pamwamba kukawomba mpaka kuwala kutatha. Kuchigwa sanatsikireko ngakhale kamodzi. Akafuna kupita kumsika ankazungulira njira ya kuphiri, yotalika kawiri.

Anali ndi zaka makumi anayi pamene anadzipeza ndi imvi yoyamba. Chaka chotsatira, masana ena dzuwa likuwala bwino, anakoka tsitsi mu ulusi n'kuliyang'ana pawindo. Kunsonga linali lofiira. Kutsinde, kotalika ngati chala, linali loyera.

Anakhala pamenepo nthawi yaitali, mapazi ali pa zopondera. Tsitsi lotsalira m'makina silichita imvi. Tsitsi la munthu wogona m'manda silichita imvi. Anatsegula kachitini kaja, kamene tsopano kanali kachitatu, n'kuyerekeza latsopanolo ndi akale. Akalewo anali ofiira ngati tsiku loyamba. M'zaka zotsatira kuyerako kunkakwera, kufiira kunkazilala, monga mmene zikanakhalira pa mutu wa mkazi wocheperapo zaka ziwiri kwa iye.

Nthawi imeneyo zinthu ku Scar Fold zinali zitayamba kutha. Mwana wa Lumb, amene analowa m'malo mwa bambo ake, anakuza fakitale, n'kuikamo injini ya malasha ndi chumuni chachitali, kenako makina owomba nsalu okha. Nsalu ya pamanja inatsika mtengo chaka ndi chaka. Enoch ankabwera ku Halifax nthawi zina atasenza mpukutu womwewo umene anapita nawo. Ng'ombe inagulitsidwa. Nyama inasowa patebulo, kenako tiyi. Mabanja anayamba kutsikira kuchigwa, kunyumba zanjerwa zimene fakitale inamanga. Nyumba zosiyidwazo ankazikhomera matabwa m'mawindo, ndipo mphepo ikamawomba matabwawo ankagogoda ngati muli munthu akuwomba.

Mu 1830 Selina, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anati akukayamba ntchito kufakitale.

"Udzapite nditafa," anatero Damaris.

"Ndiye sitidikira nthawi yaitali, Amayi, poti tonse tifa ndi phala lamadzili. Bambo akutsokomola usana wonse. Anzanga onse ali kumeneko, ndipo ali ndi nsapato."

"Mayi ako aang'ono..."

"Ndikudziwa, anafera kumeneko. Mudzi wonse unandiuza, kupatula inu."

Enoch anayang'ana m'mbale mwake. Selina anapita. Damaris anangolamula chinthu chimodzi: m'mawa uliwonse azikhala pa kampando amuluke tsitsi yekha. Ankamuluka zingwe zitatu, poti zinayi zija manja ake anazikana kuyambira tsiku la Tamar, ndipo ankamanga kachipewa ndi mfundo ziwiri. Ngakhale atakangana chotani dzulo lake, ngakhale zala zitatupa ndi chisanu, ankaluka.

Madzulo ena m'mwezi wa Novembala Selina anafika, n'kuvula kachipewa, n'kuwerama pa beseni kuti asambe kumaso. Damaris anali atanyamula mphika wa mbatatesi. Anauika pansi bwinobwino. Tsitsi la Selina linali lolukidwa zingwe zinayi, lozunguliza kumutu, lolimba gwa.

"Wakuluka ndani?"

"Aa, ichi? Chingwe cha kachipewa chinaduka masana, tsitsi n'kumasuka. Ndinali m'chipinda chakale chija cha pamwamba, anandituma kukatenga ulusi. Mayi wina anandigwira kumbuyo, akuti ima phee. Sindinatembenuke n'komwe, manja ake ngothamanga, koma ozizira bwanji!"

"Mayi wake uti?"

"Kaya. Ndinangomuona akupita. Wowonda, wamkulu ngati inu. Wakulunga mutu wonse ndi nsalu yotuwa, mwina ali ndi zilonda. Ndiye wamwano! Akuti, ukawauze amako kuti manja awo ayamba ulesi." Selina anaseka. "Kuseka kwake ngati mphuno yatsekeka. Mukumudziwa?"

Enoch anadzuka n'kutuluka panja osavala jekete.

M'mawa mwake Damaris anamasula zingwe zinayizo n'kulukanso yekha. Selina atapita, anakwera pamwamba koma sanawombe. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu anakulunga buledi ndi mbatatesi ziwiri m'kansalu, n'kufunda shawelo, n'kutsika njira imene sanaipondepo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Wapageti anamulola atanena kuti wabweretsera mwana chakudya. Belu la masana linali litangolira, makina ataima, anthu akutuluka kukadyera pabwalo. Damaris sanafunefune Selina. Anafunsa mtsikana wina kumene kuli chipinda chakale, n'kukwera masitepe amiyala mpaka pamwamba.

Chipindacho chinali chachitali, chopanda munthu. Makina anali ndondondo mizere iwiri. Tiubweya tinkayandama m'mwamba ngati chipale chofewa chosafuna kugwa, ndipo kuwala kolowa m'mawindo akudawo kunali kwachikasu. Kudenga kunadutsa mtanda wachitsulo, wakuda ndi mafuta, malamba ali lende. Damaris anayenda mpaka pakati, n'kuima pansi pake. Sanaone munthu aliyense.

"Tamar," anatero. Mawu ake anamveka aang'ono. "Ndine. Ndabwera."

Anayang'ana kumtandako n'kupitiriza.

"Ndinaika chipeso pansi dala. Ndinkadziwa kuti sutha kudziluka. Ndinkafuna ufike kuno mutu uli nyankhalala, anzako akuseke. Zinazi sindinazifune. Mulungu akudziwa kuti sindinazifune. Ndipo Enoch ndinamutenga. Zimenezonso ukuzidziwa."

Pamenepo anamva chingwe cha chipewa chake chikukokedwa pansi pa chibwano, pang'onopang'ono, mmene mwana amamasulira mfundo. Chipewa chinatsetserekera kumbuyo. Zala zozizira ngati madzi a pachitsime zinalowa m'tsitsi mwake n'kuzula mapini limodzilimodzi. Ankawamva akugwa pa matabwa. Tsitsi lake la imvilo linagwera pamsana. Anafuna kutembenuka, khosi linakana.

Panja belu linalira. Pansi pa nyumbayo china chake chinabuula, matabwa ananjenjemera, ndipo mtanda wa kudenga unayamba kuzungulira. Lamba limene linali pafupi ndi phewa lake linagwedezeka, n'kuyamba kuthamanga, likukoka mphepo. Damaris anaona nsonga za tsitsi lake zikudzuka paphewa, zikuweramira kulambalo. Anatsinzina.

"Tenga," anatero. "Ngati ukufuna, tenga."

Dzanja linagwira tsitsi lonse kumbuyo, n'kulipota mwamphamvu mpaka misozi inatuluka, n'kumuweramitsa mutu, n'kumukankha. Anapepesuka mpaka kukagunda chitseko. Ndipo pakati pa phokoso lonselo, pafupi ndi khutu lake lenilenilo, anamva kaseko ka m'mphuno.

Selina anamupeza atakhala pa masitepe, chipewa chili m'manja, anthu akumulambalala pokwera.

"Amayi! Mukutani kuno? Mwagwa?"

"Ndakubweretsera mbatatesi," anatero Damaris. "Zazizira."

Anafika ku Scar Fold dzuwa lisanalowe. Enoch anali pamwamba, atakhala pa chowombera chake osawomba. Damaris anakhala pa chake, ndipo anamuuza zonse, kuyambira chipeso mpaka masitepe, maso ali pa ulusi. Atamaliza, Enoch anatsokomola nthawi yaitali.

"Ndiye iwe wakhala ukuyesa kuti ndiwe," anatero.

"Nanga ndani?"

"Ndinakumana naye m'mawa umenewo. Pa mpanda wamiyala paja, potsikira. Ndinamudikirira dala. Ankathamanga, akuti ndisiye ndachedwa. Ine n'kumulanda kachipewa, kusewera. Tsitsi lonse linagwa. Ndinati sindikupatsa mpaka undipsompsone." Anapukuta pakamwa. "Anakavala akuthamanga, osamanga n'komwe zingwe. Ndinaona tsitsi likutuluka kumbuyo. Ndinangoima n'kumaseka."

Damaris anamuyang'ana mwamuna wake, nkhalamba yowonda ya mapewa akugwa, imene anagona nayo chofunda chimodzi zaka makumi awiri ndi zitatu.

"Bwanji osandiuza?"

"Nanga iwe?"

Anakhala choncho mpaka kuwala kunatha m'mawindo. Kenako Damaris anatsika kukasonkha moto, poti Selina anali pafupi kufika, ndipo Enoch anamutsatira n'kumusendera mbatatesi, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane.

Zimene zinachitika m'chipinda chija Damaris sanadziwe kuti azitche chiyani. Masiku ena ankati wakhululukidwa. Masiku ena ankati Tamar anangofuna amve kukoma kwake. Selina sanakumanenso ndi mayi wa nsalu yotuwa uja, ngakhale atsikana ena a m'fakitale ankati amamuona mwa apo ndi apo kumapeto kwa mzere, ndipo ankangomuyesa wantchito wa chipinda china. Tsitsi silinaleke kubwera. Linkabwera loyera lonse tsopano, lovuta kulisiyanitsa ndi ubweya, ndipo maso a Damaris atayamba kufooka ankalizindikira ndi zala. Linatha pamene ulusi unatha. Mu 1834 bulu analeka kukwera ku Scar Fold, chifukwa kumtunda kunatsala zowombera ziwiri zokha, ndipo mwini fakitale anati n'kutaya nthawi.

Enoch anamwalira chisanu cha 1836. Chowombera chake anachiwaza nkhuni chaka chomwecho. Cha Damaris anagula kalipentala wina amene ankafuna matabwa ake. Selina anali atakwatiwa ndi wosonkhezera moto wa injini, dzina lake Amos Pickles, ndipo anatenga amake kukakhala nawo m'nyumba zanjerwa, mzere wachiwiri kuchokera pa khoma la fakitale. Kumeneko makapu ankanjenjemera pa shelefu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo zochapa zinkada zisanaume. Anthu ankayesa kuti mayi wa kumtundayo sakhalitsa. Anakhala zaka khumi ndi zisanu. Analera adzukulu asanu, ankaphikira anthu atatu ogona m'nyumbamo, ndipo ankasoka masokosi a msewu wonse. Sankadandaula za phokoso. Lamulungu, makina akaima, ndi pamene ankasowa mtendere, n'kumangoyendayenda m'nyumba.

M'chilimwe cha 1851 anagwa pamene ankatunga madzi pa mpope, ndipo sanadzukenso pabedi. Tsiku lina Selina akumumwetsa msuzi anati:

"Amos wayankhula ndi a m'busa a kumtunda. Malo alipo, pakati pa Bambo ndi mayi aang'ono."

Damaris anakankha supuni.

"Kumtunda ndikatani?"

"Abale anu onse ali kumeneko, Amayi."

"Enoch ali ndi makolo ake, sasungulumwa. Tamar kulibe kumeneko. Tinakwirira nsalu ndi mafupa." Anapuma kaye. "Mundiike kuno. Manda atsopano aja a kuseri kwa damu."

"Amenewo ndi a anthu obwera, osadziwika kwawo. Ndiponso ali pa khoma lenileni la fakitale, ngakhale pa maliro pemphero silimveka."

"Ndi amenewo. Wandimva, Selina?"

"Ndamva, Amayi."

Anamwalira patapita masiku anayi. Anamuika Lachiwiri m'mawa, kuseri kwa damu. M'busa anachita kukuwa kuti amveke, ndipo anthu ankangoona pakamwa pake pakuyenda. Selina anapatsidwa theka la tsiku. Belu la masana litalira anapukuta m'maso, n'kupereka mwana wamng'ono kwa mnansi, n'kulowa pa geti pamodzi ndi anzake.